MILONGOTI YOLOZERA NJIRA: KODI ANAFULUMIRA KUIGWETSA?

Pa tsiku la 29 April, 2024, kampani ya ndege ya ku Finland yotchedwa Finnair inaimitsa maulendo ake a ku Tartu, mzinda wachiwiri pa kukula m'dziko la Estonia. Ndege zinali zabwinobwino, oziyendetsa sanadwale, ndipo bwalo loterapo silinakumbike pena paliponse. Koma masiku owerengeka tsikulo lisanafike, ndege ziwiri zinafika pafupi ndi mzindawo, nizilephera kutsika, nizibwerera ku Helsinki ndi anthu onse amene zinanyamula, pakuti mau a wailesi ochokera ku masetilaiti a GPS, amene ndege zinkatsata pofika pa bwalo limenelo, anali atasokonezedwa ndi makina amphamvu a anthu ena. Akuluakulu a Boma la Estonia analoza chala dziko la Russia. Ngakhale mwini chipongwecho akhale yani, mzinda wa masukulu aakulu ngati Tartu unatha mwezi wathunthu osalandira ndege yochokera kunja.

Awerengi ena adzafunsa kuti, nanga nkhani ya ku Estonia itikhudza bwanji ife? Yankho lake n'lakuti zimene zinachitika ku Tartu ndi chipatso cha ganizo limene maboma ambiri akhala akulitsata kuyambira cha m'ma 1997, lakuti setilaiti yokha ikwanira, ndi kuti milongoti ya wailesi imene inkalozera njira zombo ndi ndege ingathe kuzimitsidwa ndi kugwetsedwa. Ganizo limeneli linapsera m'maofesi, pa matebulo owerengera ndalama, m'manja mwa anthu a ntchito yonga ya ambiri a inu amene mukuwerenga tsamba lino. Ife tikuona kuti pa zambiri anthuwo anachita bwino, koma pa chinthu chimodzi analakwa kwakukulu, ndipo kulakwako n'koyenera kukudziwa aliyense amene amasainira chuma cha Boma.

Wailesi isanabwere, woyendetsa chombo anali ndi zinthu zitatu: kampasi, wotchi yosataya nthawi, ndi thambo. Poyesa kukwera kwa dzuwa kapena kwa nyenyezi pamwamba pa malekezero a nyanja, nawerengera m'mabuku ake, ankadziwa pamene ali. Koma mitambo ikaphimba thambo masiku atatu ankangoyerekeza: ndayenda maora akuti, pa liwiro lakuti, kulunjika kwakuti, tsono ndiyenera kukhala pakuti. Oyendetsa ndege oyamba anali pa mavuto oposa, pakuti chombo chingathe kuima ndi kulindira kuti kuche, koma ndege siima. Iwo ankatsata njanji, mitsinje ndi miseu, ndipo nkhungu ikatsika ambiri anafera m'mapiri.

Cha m'ma 1929 Boma la America linayamba kumanga masiteshoni a wailesi m'njira zimene ndege za makalata zinkadzera. Nzeru yake inali yapafupi. Mbali imodzi ya njira siteshoni inkatumiza chilembo cha A m'zizindikiro za Morse, ndicho kulira kwakufupi kotsatana ndi kwakutali. Mbali inayo inkatumiza N, ndicho kwakutali kotsatana ndi kwakufupi. Woyendetsa akapatukira kuno ankamva A, akapatukira uko ankamva N, koma akakhala pakati penipeni zilembo ziwirizo zinkalowana nizisanduka mluzu umodzi wosalekeza. Munthu ankakhala maora ambiri zomvetsera zili m'makutu, kutsata mluzu umenewo mumdima. Panalinso chida china chophweka koposa, chotchedwa NDB, chimene chafika mpaka lero pa mabwalo ena a mu Africa muno ndi kwina: mlongoti umodzi wofuula dzina lake m'zilembo za Morse, ndi singano m'ndege yoloza kumene mauwo achokera. Chida ichi n'chotsika mtengo ndipo sichivuta kukonza, koma chili ndi khalidwe loipa limene oyendetsa ndege a kuno alidziwa bwino: nyengo ya dzinja, mphezi zikamang'anima, singano imasiya mlongoti niloza ku mtambo wa bingu, ndiko kumene ndege siyenera kupita konse.

ZINABADWIRA KU NKHONDO

Zida zazikulu zinabadwa pa Nkhondo Yachiwiri ya dziko lonse. M'mwezi wa August, 1941, akuluakulu a ku Britain anapenda zithunzi zojambulidwa ndi ndege zao zoponya mabomba usiku, napeza chinthu chochititsa manyazi: mwa ndege zimene oziyendetsa anati tafika ndipo taponya, imodzi yokha mwa zitatu ndiyo inafikadi pa mtunda wosapitirira mamailo 5 kuchokera pa malo amene inatumidwa. Mankhwala a vutoli anali kale m'manja mwa katswiri wina dzina lake Robert Dippy, ndipo chida chake, chotchedwa Gee, chinayamba ntchito m'mwezi wa March, 1942.

Aphunzitsi ofuna kufotokozera ana nzeru ya Gee angachite motere. Tiyerekeze kuti m'midzi iwiri yotalikirana muli ng'oma, ndipo oimba apangana kuzimenya nthawi imodzimodzi. Munthu woima pakati penipeni adzamva ng'oma ziwirizo ngati imodzi. Akasendera cha ku mudzi wa kum'mawa, ng'oma ya kumeneko idzayamba kumfika, inayo nitsatira pambuyo pang'ono. Ndipo poyesa kuchedwa kumeneko adzadziwa kuti wayandikira mudzi uwu koposa uwo ndi mtunda wakuti. Malo onse amene kuchedwako n'kofanana amapanga mzere wokhota pa mapu. Tsono pakhale ng'oma yachitatu: mzere wachiwiri upezeka, ndipo pamene mizere iwiriyo ikumana ndi pamene munthuyo waima. Kusiyana kwake n'kwakuti mafunde a wailesi amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kotero kuti wolakwitsa ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi wasokera kale ndi mamita 300. Chifukwa chake mbiri ya zida zonsezi ili mbiri ya mawotchi, ndipo tidzabwereranso ku mau amenewa.

Anthu a ku America anatenga nzeru yomweyo naitalikitsa kuti ifike pakati pa nyanja zazikulu. Akatswiri a pa sukulu ya Massachusetts Institute of Technology anapanga LORAN, ndipo pakutha kwa nkhondo panali masiteshoni oposa 70 otsogolera zombo ndi ndege pa nyanja za Atlantic ndi Pacific. Chida chachitatu chinachokera kumene munthu sakanayembekeza, ku kampani ya Decca ya ku London, imene inkadziwika ndi mbale za galamafoni. Decca Navigator inagwira ntchito yake yoyamba m'mwezi wa June, 1944, pamene zombo zochotsa mabomba a m'madzi zinatsegulira asilikali njira ya ku gombe la Normandy. Nkhondo itatha kampaniyo inkabwereketsa makina ake kwa eni zombo pa malipiro, ndipo masiteshoni ake anafalikira ku Europe, ku India, ku Japan ndi ku magombe a South Africa. Asodzi a ku North Sea anachikonda chida ichi koposa anthu onse. Mapu ao anali ndi mizere ya mitundu itatu, ndipo msodzi ankalemba m'kabuku kake manambala a malo amene anapha nsomba zambiri, ndi a malo amene chombo chomira chinang'amba khoka lake, nabisa kabukuko monga munthu abisa ndalama. N'chinthu choganizitsa kuti nzeru imene inayamba ndi kuponya mabomba pa mizinda inatha zaka zoposa 50 ikubweza asodzi kwa akazi ao ndi ana ao.

Kwa ndege za anthu wamba chida chimene chinapambana ndi VOR, chimene bungwe la maiko loona za maulendo a ndege, ICAO, linachivomereza zaka zochepa nkhondo itatha. Tingachifanizire ndi gudumu la njinga logonekedwa pansi: siteshoni ndiyo pakati pake, ndipo potuluka pamenepo pali masipoko 360, lililonse ndi nambala yake. Singano ya m'ndege imauza woyendetsa sipoko limene alipo, ndipo chida chinzake chotchedwa DME chimamuuza mtunda wotsala kufika pa siteshoni. Miseu ya mumlengalenga inalembedwa kuchokera pa siteshoni ina kufika pa inzake, monga basi idzera m'masiteji.

Loran-C, mwana wa LORAN, inayamba mu 1957. Mau ake ankamveka pa mtunda woposa makilomita 1,500, ndipo inkaloza malo mosaphonya kuposa theka la kilomita. Kuti mauwo asaleke usana ndi usiku, anyamata a gulu lolondera magombe a America ankatumizidwa kukakhala chaka chathunthu pa zisumbu zachisanu monga Attu ku Alaska, ntchito yao kuyang'anira mawotchi ndi majenereta. Dziko la Soviet Union linamanga yakeyake, nilitcha dzina lake Chayka. Koma zonsezi zinkatumikira makamaka maiko a kumpoto. Pakati pa Africa panali patali ndi mlongoti uliwonse wotere. Chida choyamba kukuta dziko lonse lapansi chinali Omega, chimene chinayamba mu 1971 nichikwanira mu 1982. Masiteshoni ake anali 8 okha: ku Norway, Liberia, Hawaii, North Dakota, chisumbu cha Réunion, Argentina, Australia ndi Japan. Mafunde ake anali aatali zedi, funde limodzi pafupifupi makilomita 30, otha kutsata kukhota kwa dziko mitunda yaitali. Mlongoti wa ku Paynesville, pafupi ndi Monrovia, unali wa mamita 417, ndipo mu Africa monse munalibe chomangidwa ndi anthu chachitali kuuposa. Omega inkaphonya ndi makilomita angapo, koma kwa woyendetsa ndege yodutsa Sahara usiku kuphonya kotere kunali kwabwino koposa kuyerekeza.

SITIKULIRA ZAKALE

Awerengi asatimve ngati tikuti zakale zinali zangwiro. Ife a chigawo chino cha Africa tili ndi chifukwa chowawa chodziwira kuti mlongoti wapansi nawonso ungasokeretse. Usiku wa 19 October, 1986, ndege ya Tupolev yonyamula Pulezidenti Samora Machel wa Mozambique, pochokera ku msonkhano wa ku Mbala m'dziko la Zambia, inakhotera ku dzanja lamanja isanafike ku Maputo, nikagunda mapiri a Lebombo pa Mbuzini, m'kati mwa malire a South Africa. Anthu 35 anamwalira, Pulezidentiyo pamodzi nao. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Woweruza Cecil Margo linati oyendetsa anatchera makina ao ku VOR ya ku Matsapha, m'dziko la Swaziland, limene lero ndi Eswatini, poyesa kuti ndi ya ku Maputo, ndiponso sanasamale belu lochenjeza kuti ayandikira pansi. Akatswiri a Soviet Union anakana, nati panali siteshoni yabodza yoikidwa dala kuti ikope ndegeyo. Bungwe la Truth and Reconciliation la ku South Africa linamvanso nkhaniyi mu 1998 osaigamula, ndipo ife sitiigamula pano. Chimene tifuna kuti chioneke n'chakuti pa mafotokozedwe onse awiri singano inaloza njira yolakwika, anthu naitsata. Chida chimodzi, chikhale chapansi kapena cha kumwamba, sichingathe kudzitsutsa chokha.

Tsono setilaiti itabwera, inabwera ndi zabwino zosakanika. Asilikali a America anatumiza kumwamba setilaiti yoyamba ya GPS mu 1978. Mu 1983 ndege ya anthu wamba ya ku South Korea inasokera nilowa m'dera la Soviet Union, kumene inaomberedwa, anthu 269 nafa. Ndipo Pulezidenti Ronald Reagan analonjeza kuti GPS idzatsegulidwa kwa anthu onse. Inakwanira mu 1995 ndi masetilaiti 24, ndipo m'mwezi wa May, 2000, Boma la America linaleka kuifooketsa dala kwa anthu wamba. Kuyambira pamenepo kamakina ka m'thumba kanayamba kuloza malo mosaphonya kuposa mamita 10 kapena 20. Nzeru yake ndi ya ng'oma zomwe zija, koma ng'omazo zapachikidwa kumwamba, ndipo womvera salipira kanthu. Dziko losauka, limene silikanatha kumanga ndi kudyetsa masiteshoni makumimakumi, linalandira kwaulere chida choposa Loran ndi Decca. Oyesa malo, ojambula mapu, a kalembera, oyendetsa sitima pa nyanja yathu, onse apindula. Wonena kuti tibwerere ku singano ya NDB sadziwa chimene akunena.

Chotero milongoti inayamba kugwa. Gee inali itazima kale mu 1970. Omega inazimitsidwa pa 30 September, 1997. Masiteshoni a Decca a ku Britain analeka kulira pa 31 March, 2000, ndipo otsiriza, a ku Japan, chaka chotsatira. Pa izi ife tilibe dandaulo. Zidazo zinali zitakalamba, zinkadya ndalama zambiri, ndipo ozigwiritsa ntchito anali atachepa. Ndalama ya msonkho ili ndi ntchito zambiri, ndipo Boma limene lisunga chinthu chifukwa cha chifundo chokha lilanda mankhwala m'chipatala ndi choko m'sukulu. Mlongoti wa ku Paynesville unaima zaka 14 wopanda ntchito, kufikira anaugwetsa ndi zophulitsa mu 2011.

PAMENE ANALAKWA

Nkhani ya Loran-C ndiyo ina, ndipo kuti imveke tiyenera kuyamba tanena kufooka kwa setilaiti. Masetilaiti a GPS ali pa mtunda wa makilomita 20,200 kuchokera pansi, ndipo mau ao pofika kuno amakhala aang'ono koposa phokoso lachibadwa la wailesi. Makina olandira amachita kuwatola monga munthu amvetsera kunong'ona pakati pa msika. Wofuna kuwatsekereza safuna mphamvu zambiri. Pa bwalo la ndege la Newark, pafupi ndi New York, zida zatsopano zothandiza ndege kutera zinkasokonezeka kawirikawiri, ndipo ofufuza anapeza kuti vuto linkachokera m'magalimoto, mmene madalaivala ena anaikamo timakina totsika mtengo tobisa maulendo ao kwa mabwana ao. Mmodzi anamlipiritsa madola pafupifupi 32,000 mu 2013. Chimene dalaivala achita mosadziwa, boma lingachite dala. Dziko la South Korea lasokonezedwa kangapo kuchokera kumpoto kuyambira 2010, ndipo kuyambira 2022 ndege zambirimbiri zouluka cha ku nyanja za Baltic ndi Black Sea ndi ku Middle East zakhala zikutaya GPS, kapena, choopsa koposa, kulandira mau abodza oziuza kuti zili kumene sizili. Loran inali yosiyana pa zonse: mlongoti wake uli pansi, mphamvu yake ndi makilowati mazanamazana, mafunde ake ndi aatali. Kamakina kotsekereza GPS sikaikhudza konse.

Tinalonjeza kubwerera ku mawotchi. Ambiri amayesa kuti GPS ndi ya apaulendo okha, koma ntchito yake ina yaikulu, yosaoneka ndi maso, ndiyo kugawa nthawi. Nsanja za lamya za m'manja, makina a mabanki ndi mawaya aakulu a magetsi m'maiko ambiri amatchera mawotchi ao pa iyo. Pa 26 January, 2016, pochotsa pa ntchito setilaiti imodzi yokalamba, nthawi yotumizidwa ndi masetilaiti ena inalakwika ndi magawo 13 mwa miliyoni a sekondi. Kulakwa kochepa chotere, kumene khutu kapena diso silingakuzindikire, kunaliza mabelu a chenjezo m'makampani a lamya kwa maora ambiri, ndipo mawailesi ena a BBC anasokonezeka. Lipoti lolembedwera Boma la Britain mu 2017 linawerengera kuti masetilaiti atazima masiku 5 okha, dzikolo lingataye mapaundi 5.2 biliyoni.

Kufooka kumeneku sikunali kobisika kwa a ku Washington. Mu 2001 akatswiri a unduna wao wa zamtengatenga analemba lipoti lochenjeza kuti GPS ingasokonezedwe mosavuta, ndi kuti pafunika china chotsamira. Ndalama zambiri zinathiridwa pokonzanso masiteshoni a Loran, ndipo m'mwezi wa February, 2008, Boma linalengeza kuti Loran yokonzedwanso, yotchedwa eLoran, ndiyo idzakhala mthandizi wa GPS. Patangopita chaka, olemba bajeti anaiika pa mndandanda wa zinthu zotha ntchito, nati kuizimitsa kudzapulumutsa madola 36 miliyoni chaka choyamba ndi 190 miliyoni pa zaka 5. Pa 8 February, 2010, masiteshoni a ku America anazima, a ku Canada natsatira mu August. Mlongoti wa ku Port Clarence, wa mamita 411, chomangidwa chachitali koposa zonse mu Alaska, unaphulitsidwa m'mwezi wa April chaka chomwecho. Ndipo mu 2018 nyumba ya malamulo ya dziko lomwelo inaika lamulo lakuti pamangidwe chida chapansi chogawa nthawi GPS ikalephera, ndiko kuti chinthu chonga chimene anagwetsa zaka 8 m'mbuyomo.

Kodi anthu ophunzira analakwa bwanji chotere? Sitikhulupirira kuti anali opusa ai. Vuto lili m'kalembedwe ka mabuku a chuma, ndipo aliyense amene anakonzapo bajeti ya dipatimenti alidziwa. Mtengo wosungira mlongoti umaoneka pa mzere umodzi, m'buku la dipatimenti imodzi, chaka ndi chaka, ndipo suvuta kuudula ndi cholembera chofiira. Koma tsoka limene mlongotiwo uletsa lilibe mzere wake m'buku lililonse, ndipo likadzagwa lidzagwera a mabanki, a magetsi ndi a zipatala, amene sanali pa msonkhano. Gulu lolondera magombe linanena zoona kuti ilo silifunanso Loran pa ntchito zake. Madipatimenti enawo sanalakwenso poona kuti sinali ntchito yao kuilipirira. Nkhokwe inali ya mudzi wonse, chotero inasowa wofolera denga lake, nigwa.

Ku Europe zinachitika mwa njira ina, yophunzitsanso. A ku Britain anali atayamba kale kugwiritsa ntchito eLoran pa madoko 7 a kum'mawa kwa dziko lao mu 2014, koma chida cha ng'oma zitatu sichigwira ndi ng'oma imodzi, ndipo ng'oma zinazo zinali m'manja mwa anansi. France ndi Norway atazimitsa masiteshoni ao pa 31 December, 2015, ntchito ya ku Britain inafera pomwepo; siteshoni ya ku Anthorn inatsala yokha, yongogawa nthawi. Mu 2023 Boma la Britain linalengeza kuti likuganiza zomanganso. Pamene zinkatero, China ndi Russia, amene ali ndi masetilaiti aoao, sanagwetse milongoti yao, ndipo ichi chokha chikanayenera kuganizitsa ena.

Pali otsutsa amene amati palibe choopa, popeza tsopano magulu a masetilaiti alipo anayi: GPS, GLONASS ya Russia, Galileo ya maiko a Europe ndi BeiDou ya China. Inde, limodzi likadwala ena agwira ntchito, monga zinachitikira mu July, 2019, pamene Galileo inaleka pafupifupi sabata yathunthu anthu ambiri osazindikira. Koma onse anayi amanong'ona chimodzimodzi, pa mafunde oyandikana, kotero kuti makina amodzi angawatsekereze pamodzi, ndipo dzuwa likalusa liwasautsa onse. Ndiponso palibe limodzi mwa maguluwo lili la dziko la mu Africa. Timawagwiritsa ntchito mwa kukoma mtima kwa eni ake, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Komanso kukhala ndi chida chachiwiri sikukwanira ngati anthu aiwala kuchiyang'ana. Pa 10 June, 1995, sitima yaikulu ya alendo yotchedwa Royal Majesty, yochokera ku Bermuda kupita ku Boston ndi anthu oposa 1,500, inatsakamira pa mchenga pafupi ndi chisumbu cha Nantucket, itasokera ndi mamailo 17. Waya wa GPS unali utaguluka sitimayo itangonyamuka, ndipo makinawo anapitiriza kulemba malo mongoyerekeza kwa maora oposa 30. M'chipinda chomwecho munali makina a Loran-C osonyeza malo enieni, koma akuluakulu a sitimayo sanafanizire ziwirizo. Mwamwai palibe amene anafa. Aphunzitsi amene ana amawafunsa kuti kuwerenga mapu ndi kampasi kuli ndi phindu lanji masiku ano a lamya za m'manja angawasimbire nkhani imeneyi.

Njira yanzeru ilipo, ndipo aisonyeza ndi a ku America omwewo, a nthambi yoona za ndege. Iwo anali ndi masiteshoni a VOR pafupifupi 900, ndipo pofuna kuzimitsa ena anayamba ndi funso lakuti: GPS itazima lero masana, ndege zonse zili mumlengalenga zidzatera bwanji? Atawerengera, anatsimikiza zosunga pafupifupi 600, osankhidwa mwakuti ndege youluka pa mapazi 5,000 kapena kuposa imve siteshoni, nipeze bwalo loterapo popanda setilaiti pa mtunda wosapitirira mamailo a panyanja 100. Otsalawo akuzimitsidwa pang'onopang'ono. M'mwezi wa March, 2025, mabungwe atatu a United Nations, oona za ndege, za zombo ndi za mawailesi, anapempha pamodzi maiko onse kuti asunge zida zapansi zokwanira pa tsiku la tsoka.

Kwa ife kuno ntchito ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya maiko amenewo. Tilibe gombe la nyanja yamchere, ndipo palibe akutipempha kumanga Loran. Tili ndi mabwalo aakulu awiri, la ku Chileka ndi la Kamuzu, ndi ena aang'ono, m'dziko la mapiri, la mitambo ya dzinja ndi chiperoni. Zida zapansi za pa mabwalo otere zimafuna zinthu zosakopa maso: dizilo wa jenereta, mpanda woletsa akuba mawaya, kuyesedwa ndi ndege yapadera pa nyengo zake, ndi amisiri achinyamata ophunzira kuzikonza akuluakulu asanapume ntchito. Mizere yotere ndiyo imayamba kudulidwa chaka chikavuta, pakuti batire latsopano silichitiridwa mwambo wotsegulira. Pempho lathu kwa amene mapepala amadutsa m'manja mwao n'lakuti, chikafika chikalata chonena kuti chida chakuti chizimitsidwe popeza sichigwiritsidwanso ntchito, asafunse kokha kuti chimadya ndalama zingati. Afunsenso kuti tsiku limene setilaiti idzakhala chete ndege idzatera ndi chiyani, ndani wavomereza polemba, ndipo anansi athu a Zambia, Mozambique ndi Tanzania, kumene ndege zathu zimadzera, akuchita chiyani ndi zao. Mayankho akakhala omveka, chizimitsidwe ndithu.

Ku Tartu ndege za Finnair zinayambanso kutera pa 2 June, 2024. M'mwezi umene bwalolo linakhala duu, akatswiri a ku Estonia anakonza njira ina yofikira, yosadalira setilaiti, yotsata mau a masiteshoni apansi a DME, chida chimene ndege zakhala zikugwiritsa ntchito kuyambira m'ma 1950.